Ine, Giza ndi Nkhuku za Alamu

Mpaka lero alamu anga a ku Chelstone akandiona amayamba akoka mphuno ngati akununkhiza kanthu, kenako ndiye moni. Sindiwadzudzula. Zimene ndinawachitira chaka chija n'zoti munthu amakhululuka ndi pakamwa pokha, mphuno imasungabe mlandu.

Zinayamba mtengo wa magetsi utakwera. Ife timakhala ku Kabwata, ndipo m'nyumba mwathu muli mita yogulira mayuniti, ija imalira kuti tii, tii, ikaona kuti yatsala pang'ono kukuchititsani manyazi. Kale ndikagula mayuniti tsiku la malipiro ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi. Tsopano mwezi usanafike n'komwe pakati, mita inali itayamba kale nyimbo yake. Inkalira pa nthawi ya chakudya, inkalira pakabwera alendo, tsiku lina inalira abusa ali mkati mwa pemphero, mpaka anafulumira kunena ameni.

Choncho Lamulungu lina titabwera kutchalitchi ndinaitanitsa msonkhano wa banja. Banjalo ndi anthu atatu basi: ine, akazi anga Amake Tisa, ndi mwana wathu Tisa amene anali ku koleji koma akugonera pakhomo. Ndinaima pakati pa balaza nditagwira kapepala (inde, ndinalemba mfundo, ndipo ndinazipatsa manambala) n'kulengeza malamulo atsopano. Kusita zovala kamodzi pa sabata. Nyemba ndi zonse zouma mutu ziziphikidwa pa mbaula. Wotuluka m'chipinda osazimitsa nyali ayankha mlandu. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse: giza, chithanki chotenthetsa madzi osamba chija chili kudenga, yapuma pa ntchito.

"Atate ake Tisa, uno ndi mwezi wa Juni," anatero akazi anga.

"Ku Katete tinkasamba kudambo mu Juni yemweyu, tinafa?" ndinayankha. (Kunena zoona, ku Katete mu Juni ndinkangosamba kumaso ndi kumapazi, koma pamsonkhano sipofotokozera zonse.)

Apa ndikuuzeni za nkhuku. Amake Misozi, alamu anga a ku Chelstone aja, akulu awo a akazi anga, anali kukonzekera chilanga mulilo cha mwana wawo Misozi. Uwu ndi mwambo umene ife a kum'mawa tinatengera kwa anzathu Achibemba kuno ku Lusaka: akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kunyamula pamutu, ndi ng'oma ndi nyimbo, kukaonetsa mkamwini zimene azidya m'banja. Mkamwiniyo kwawo kunali ku Woodlands, kwa anthu a mageti otseguka okha, ndiye alamu anga analumbira kuti sakachita manyazi. Anaitanitsa nkhuku zakumudzi zenizeni kuchokera ku Katete, makumi awiri, ndipo ndine ndemwe ndinakazilandira ku siteshoni ya mabasi ya Intercity zili m'zitete, zikulira ngati zikudziwa. Amayi achibale anazipha, anazisosola, n'kuzilongedza mufiliza yathu yaikulu imene ili m'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa nyumba. Anaikamonso nsomba ndi mwendo wa mbuzi. Alamu anasankha filiza yathu chifukwa, monga ananenera okha, "kwa alamu zinthu zimayenda mwadongosolo."

Msonkhano utatha ndinapita pabokosi la maswichi lili m'kanjira kopita kubafa. Swichi iliyonse inali ndi kapepala kake: nyali, sitovu, giza, filiza. Ndinagwira ya giza n'kuitsitsa, thwa! Ndinamva ngati ndapha njoka. Kenako ndinakumbuka kuti ndinamvapo kuti filiza ikamatsegulidwatsegulidwa imadya mayuniti ambiri, ndiye ndinakakhoma loko pachitseko cha kachipinda kaja, kiyi n'kuika pamodzi ndi makiyi a kuofesi. Palibe wolowamo mpaka tsiku lophika.

Lolemba m'mamawa ndinayamba kupereka chitsanzo. Ndinatunga madzi pampopi wa panja m'ndowa n'kulowa nawo kubafa. Abale anga, madzi a Lusaka mu Juni ali ndi mano. Kapu yoyamba itafika pamsana ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale. Koma potuluka ndinaimba mluzu, kuti banja lione kuti zinthu n'zotheka. Mu minibasi yopita ku tauni ndinkanjenjemera mpaka mayi amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndayezetsa malungo.

Ndinachita zimenezi masiku khumi ndi awiri. Kuofesi ndinkadzitama kwa aliyense. Kumsonkhano wa amuna a mumpingo ndinapempha mphindi zisanu n'kuphunzitsa za utsogoleri wa bambo pa nthawi ya mavuto, ndipo ena analemba. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti akazi anga ndi Tisa sankadandaula. Iwo ankasamba ine nditapita kuntchito. Loweruka lokha ndi limene ndinaona Amake Tisa akutuluka kubafa akuimba nyimbo ya kwaya, nkhope ili phuliphuli, galasi la kubafa litachita nthunzi.

"Nthunzi iyi yachokera kuti?" ndinafunsa.

"Ndi thupi langa. Ife akazi timatentha mwachibadwa," anayankha osandiyang'ana.

Ndinakhulupirira. (Ndili ndi satifiketi ya Fomu Faifi, ndipo sayansi ndinakhoza.)

Koma mita inapitiriza kudya ngati kale. Ndinkaima patsogolo pake m'mawa ndi madzulo, manja kumbuyo, ngati mphunzitsi wamkulu. Ndinaganizira Tisa kuti ali ndi kachowumitsira tsitsi kobisa, ndipo ndinasecha chipinda chake. Ndinachotsa babu la pakhonde. Ndinachotsa la m'kanjira, n'kudzigunda chala pamwendo wa tebulo tsiku lomwelo. Ndinaletsa ketulo. Mita osasintha.

Sabata yachiwiri kuseri kwa nyumba kunayamba kumveka kafungo. Poyamba kanali kaulemu, kongodutsa ndi mphepo. Kenako amphaka a mu Kabwata monse anayamba kuchitira misonkhano padenga la kachipinda kaja, ntchentche zobiriwira zazikulu ngati mtedza zikuzungulira pachitseko. Munthu wanzeru akanatulutsa kiyi. Ine ndinapita kumpanda kukaitana neba wathu ba Chanda, bambo wa ku Kitwe amene ntchito yake ndi yokonza magetsi.

"Shani ba neba?" anandipatsa moni wa Chibemba akumwetulira.

"Ba Chanda, bini yanu iyo muziiona. Fungo yafika mpaka kwathu."

Anayang'ana bini yawo, imene inali yopanda kanthu ndiponso yotsukidwa, n'kuyang'ana amphaka ali padenga langa. "Ba neba, nanga bapusi aba bankala kwanu chifukwa chani?"

"Amphaka alibe malire," ndinatero, n'kubwerera m'nyumba monyadira yankho langa.

Tsiku lophika linali Lachisanu, mwambo uli mawa lake. Ndinapempha tchuthi kuofesi kuti ndithandize kunyamula nkhuni. Cha m'ma eyiti alamu anafika pa kagalimoto ka bokosi ndi amayi ngati khumi ndi asanu, onse m'zitenje zofanana, ndi mapoto akuluakulu, akuimba ndi kululutira kuyambira pa geti. Anandigwadira mwaulemu. "Alamu, tipatseni kiyi, ntchito iyambe."

Ndinawatsogolera ndekha, kiyi ndikuizunguza pachala. Nditatsegula chitseko nyimbo inachepa. Alamu atatukula chivundikiro cha filiza nyimbo inatheratu.

Sindifotokoza zimene zinali mkatimo, mwina ena mukuwerenga mukudya. Ndingonena kuti mayi wina anathamanga mpaka kumsewu atasiya patapata mmodzi, ndipo amphaka aja, amene anadikira sabata yathunthu, nawonso anathawa.

Alamu anakhala pansi, pafumbi penipeni, miyendo tambalale. Sanalire. Anangoyang'ana kutsogolo ngati munthu amene basi yamusiya pa Luangwa.

"Ndi malaiti awa!" ndinakuwa ine. "Kuzimazima kwa malaiti uku! Ndikawasumira a kampani ya magetsi amenewa!"

Phokosolo linabweretsa ba Chanda, atatseka mphuno ndi chipewa. Anayang'ana kuseri kwa filiza, anayesa pulagi ndi kasukuludilaiva kawo koyaka, n'kupempha kuona bokosi la maswichi. Tonse tinawatsatira m'kanjira, ine, akazi anga, Tisa, ndi amayi onse amene anakwanamo. Anakweza swichi ija ndinatsitsa. Kuseri kwa nyumba filiza inayamba kung'ung'udza, aliyense akumva.

"Ba neba, filiza ilibe mulandu. Munaizimya mweka," anatero. "Tumapepala utu anaika ndani?"

Pamenepo ndinakumbuka. Chaka chapitacho tikupenta nyumba timapepala tija tinagwa, ndipo amene anatitola n'kutimatanso, osafunsa munthu, akuimba mluzu, ndi yemwe akukusimbirani nkhaniyi.

"Ndiye kuti giza..." ndinayamba.

"Giza iyaka che bwino. Siinapumuleko olo tsiku imodzi."

Ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi wa madzi otentha, umene sindinaukhudze masiku khumi ndi awiri. Madzi anatuluka akufuka nthunzi, anandiwotcha chala. Nditatembenuka ndinapeza Tisa akuwerenga matabwa a kudenga, amake akukonza duku limene linali lokhala bwinobwino.

"Amake Tisa, munkadziwa?"

"Tinazindikira Lolemba lomwe lija," anayankha motsitsa mawu. "Tinaganiza kuti swichi yafa. Koma tinaona kuti mukukondwa kwambiri ndi ndowa yanu, ndiye tinati tisakusokonezeni."

"Dadi, munali kuimba na mluzu," Tisa anawonjezera.

Amayi ena anayamba kutsokomola m'zitenje. Ndinafuna kukalipa, koma munthu amene waoletsa nkhuku makumi awiri za eni ake alibe poyambira. Kenako alamu analowa, fumbi lili kumbuyo kwa chitenje, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu," anatero mwaulemu woopsa, "mawa anthu a ku Woodlands tikawapatse mayuniti?"

Pofika teni koloko ndinali ku Soweto Market, thukuta lili kamukamu mu Juni yemweyo. Nkhuku zakumudzi ndinapeza zisanu ndi imodzi zokha, zina zonse ndinagula zoyera za m'makola, zija zimakhala pansi zikayenda mapazi atatu. Amayi ogulitsa anaona pankhope kuti ndili pamoto, ndipo palibe anatsitsako mtengo. Ndalama imene inatuluka m'thumba tsiku limenelo ikanayatsa giza mpaka Khirisimasi. Wa takisi anakana kunyamula nkhuku zamoyo pampando, ndiye zina zinakwera m'buti, zina pamiyendo panga, ndipo imodzi inandisiyira chizindikiro pa thalauzi pamene tinkadutsa pa Kamwala.

Nditafika ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba n'kuika maliro a nkhuku za ku Katete, ba Chanda akuonerera pampanda. "Ba neba, bini yanga ilipo ngati mufuna," anatero. Ndinapitiriza kufotsera dzenje.

Nthawi inali itatha, ndiye amayi analamula kuti aliyense wa manja awiri asosole. Anandipatsa kampando pakati pawo, n'kundimanga chitenje m'chiuno kuti ndisadetse thalauzi lodetsedwa kale. Madzi ososolera nkhuku sanavutike n'kuwiritsa, ankangotunga kubafa ndowa ndi ndowa, ndipo aliyense wobwera nayo ankaiika patsogolo panga n'kunena kuti, "Zikomo alamu potisungira madzi." Anapekanso nyimbo pomwepo, ya bambo wosamba madzi ozizira nyumba ili ndi moto, ndipo inali yokoma moti ndinadzipeza ndikugwedeza phazi.

Mwambo unachitika, ndipo unayenda bwino. Akazi anga anandiuza kuti azakhali a mkamwini, atalawa nkhuku, anati, "Nkhuku za ku Katete masiku ano zafewa, mukuzidyetsa chiyani?" Alamu anayankha kuti ndi mtundu watsopano umene alamu awo a ku Kabwata akuyesa. Misozi ali pabanja, ali ndi ana awiri, ndipo amandilemekeza, ngakhale kuti akabwera kudzacheza ndi nyama amaipereka m'manja mwa akazi anga, osati mwanga.

Ndinaphunzirapo kuti bambo asanakhazikitse lamulo azifunsa kaye amene alitsatire, chifukwa anthu osafunsidwa amakusiya ulowe m'dzenje akukuimbira m'manja. Phunziro limeneli ndinakalipereka kwa amuna a mumpingo, ndipo ulendo uno palibe analemba.

Koma mwezi watha bilu ya madzi yabwera itakwera. Mnzanga wina kuofesi wandiuza kuti ukaika njerwa m'kathanki ka kuchimbudzi, madzi ogejemulira amachepa ndi theka. Dzulo masana Amake Tisa anandipeza m'kanjira nditanyamula njerwa ziwiri. Anayang'ana njerwazo, anandiyang'ana ine, n'kutulutsa foni n'kuimbira Tisa.

"Tisa, itana ba Chanda. Atate ako ayambanso kuganiza."