Wapansi Kukatenga Amake Fatsani

Lolemba

Makina osokera ndawafunditsa chitenje, shopu ndatseka. Ulendo wa ku Nkhunga, kuchokera pano pa boma, wapansi, kukatenga mkazi wanga. Amake Fatsani anachoka mwezi wathawu atandisiyira mawu awa: "Inu bambo a Fatsani, chikwatirane simunandiyenderepo. Mukanatha, bwenzi ndi kuchimbudzi komwe mukupita pa kabaza. Mukandifuna mudzabwere ndi mapazi anu." Foni sayankha. Malume awo atumiza uthenga woti Loweruka ankhoswe akumana, ndikapanda kuoneka banja latha.

Ndiye ndikupita ndi mapazi anga. Telala nayenso ndi munthu.

M'chikwama: malaya osinthira, chinangwa chophika, botolo la madzi, diresi yomwe ndasokera amake Fatsani. Kuphazi nsapato zakutchalitchi, kuti ndikafike mwaulemu.

Ndikugona kwa msuweni wanga kufupi ndi Bua. Chidendene chakumanja chikung'ung'udza pang'ono. Sindikuchiyankha.

Lachiwiri

Mayo ine! Kudzuka, kuponda pansi, ngati ndaponda singano ya makina. Ndikuyang'ana kuphazi: palibe minga, palibe bala, palibe chotupa. Msuweni akuti, "Ndi ulesi umenewo, ukutuluka."

Khalidwe la chidendenechi ndalidziwa. Ndikayenda kanthawi chimaiwala n'kukhala chete. Ndikangokhala pansi n'kudzukanso, chimayambira pachiyambi, mwaukali woposa poyamba.

Tsoka ilo, msewu wonsewu ndi wa makasitomala anga. Uyu ndinamusokera yunifolomu ya ana, awo zovala za kwaya. Aliyense akandiona: "A telala, bwerani, khalani pansi tikulonjereni." Mlendo salonjeredwa ali chilili. Mpando ubwere, moni wa bambo, moni wa mayi, moni wa azakhali ochokera kumunda wa mpunga, kenaka dzukani muzipita. Podzukapo misozi ikungotsika yokha. Mayi wina waiona ndipo wati, "Pepani, akazi anuwo mumawakondadi." Ndimawakonda, inde, koma misozi iyi si yawo.

Lachitatu

Liwaladzi. Ndalowa pachipatala. Adokotala asindikiza chidendene ndi chala, ine ndaitana malemu mayi anga. Akuti kunsi kwa phazi kuli mtsempha wochokera kuchidendene kukafika kuzala, ndiye watupa chifukwa ndaudzidzimutsa. Ukapuma umakhwinyata, ukapondanso umakokeka. Malangizo awo:

kupumula milungu ingapo,
nsapato zofewa,
kugubuduza botolo lozizira kuphazi,
osayenda mtunda wautali.

Ndawafotokozera za ku Nkhunga. Andiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Minibasi zilipotu, bambo."

Chakumwa chozizira chogubuduzacho ndagula, koma ndamwa. Mu nsapato ndaikamo kachidutswa ka matiresi akale, moti tsopano zala zikulira nazo.

Ndaganiza mozama. Mdani wanga si msewu, ndi mpando. Kuyambira lero sindikhalanso pansi mpaka pogona.

Lachinayi

Ndikukana mipando. Moni ndikuyankha ndili chilili, kondowole ndikudya ndili chilili, mbale ili m'manja ngati wakuba. Anthu nkhope zagwa. Bambo wina wachikulire yemwe ndinamusokera mkanjo wa pa Idi wanditulutsira mpando wake weniweni, wa mapilo. Ndakana. Iye wafunsa, "Kodi uli ndi nsikidzi, mwana wanga?" Ndavula nsapato kuti aone. Banja lonse laweramira phazi langa, ndipo phazilo lili bwinobwino, losalala ngati la mwana. Abweza mpando m'nyumba.

Chidendene chakumanzere chayamba nacho. Nsanje basi.

Wakabaza wina wachikulire akundilondola pang'onopang'ono kuyambira m'mawa. "Kwerani bwana, sitiuza munthu." Wakabaza wosauza munthu sanabadwe. Ndikakwera, amake Fatsani adziwa ndisanatsike.

Lachisanu

Nzimbe uku, nzimbe uko, fumbi la mathirakitala. Ndikuyenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo.

Mbiri yandipitirira panjira. Pamsika mayi wogulitsa mandasi, osandidziwa, akundichenjeza: "Samalani, kukubwera telala wina wa ku boma, wolusa zedi. Sakhala pansi. Akuti akukamenya apongozi ake." Mnzake akutsutsa kuti ayi, ndi mankhwala, sing'anga anamuuza kuti akakhala pansi chizimba chisuluka. Ndangogwedeza mutu n'kunena kuti dziko laipa.

Nsalu yomangira mapazi palibe. Ndadula m'munsi mwa diresi ya amake Fatsani. Poyamba kachidutswa, kenaka kena ka phazi linalo. Pano yasanduka bulauzi.

Ndafooka, ndikunena zoona. Banja ndikulifuna, koma mapazi akufuna chisudzulo. Ndikafika mawa ndikakumana ndi apongozi, ndipo pamaso pa apongozi mkamwini saima ngati mtengo wa magetsi.

Loweruka

Ndafika! Pakhomo anthu ngati pamaliro, ena abwera kudzaonera ndewu. Ankhoswe, malume, apongozi pamphasa, amake Fatsani chapatali, sakundiyang'ana. Mpando wabwera. Maso onse pa ine. Ndakhala. Ena abwerera kwawo okhumudwa.

Nkhani ya banja yatenga kanthawi kochepa. Yotalika ndi ya mipando. Malume akhala akulandira mafoni kuyambira Lachinayi kuchokera m'midzi yam'njira, ndipo madandaulo onse awafotokoza limodzi ndi limodzi, pamene chidendene changa chikuzizira n'kumakonzekera.

Pomaliza ankhoswe afunsa amake Fatsani maganizo awo. Iwo ayang'ana nsapato zanga zong'ambika, nsanza za maluwa zikusuzumira, n'kunena motsitsa kuti, "Abwera ndi mapazi awo. Ndipita nawo." Mtima wanga wasungunuka.

Andiuza kuti ndidzuke ndikagwire malume dzanja. Ndayesa, zakanika. Ndapita chokwawa ndi maondo. Apongozi aomba m'manja n'kunena kuti mkamwini waulemu chotere sanamuonepo.

Lamulungu

Ndadzuka mogwira khoma. Amake Fatsani andiphikira phala la mpunga, andithirira madzi osamba, akundiseka ngati kale. Ndiye pakati pa phala abweretsa nkhani. Akuti dzina la banja lathu laipa msewu wonse, ndipo iwo sangabwerere kwa mwamuna wotchuka ndi mwano.

"Tibwerera wapansi, limodzi, anthu atione. Nyumba iliyonse yomwe munakana mpando tikalowa, tikakhala pansi, mukapepesa."

Ndawauza za mtsempha, za adokotala, za milungu yopumula. Atenga phazi langa, aliika pamwendo pawo, alitembenuza uku ndi uku mwachikondi.

"Palibe kanthu apa, bambo a Fatsani."

Phala ndamaliza. Kutchalitchi sindinapite, kumeneko amaimirira n'kukhala, kuimirira n'kukhala. Mkazi ndamupeza, zina ndasiyira Mulungu. Tinyamuka mawa m'mamawa, ndipo malume aimba kale mafoni m'njira monse kuti anthu atulutse mipando.