Mbuzi zinanyambita nyanja yanga

Mpaka lero ndikaona mbuzi ikunyambita mchere, ndimakumbukira nyanja yanga.

Ndinali mphunzitsi woyeserera pa kasukulu kena ku Chikomeni, nthawi ya chipani chimodzi, pomwe mchere tinkaugula pamzere. Kalata inabwera yoti woyendera masukulu adzandiona ndikuphunzitsa. Akapanda kukhutira, ntchito yatha, ndikalime fodya kwathu.

Phunziro linali la nyanja ina ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene madzi amaundana miyezi yambiri. Buku linati ndi yaitali, yopapatiza, yakuya, yopanikizika pakati pa mapiri, ndipo chigwa chake chinakumbidwa ndi madzi oundana. Kale inkalumikizana ndi nyanja yamchere, koma nthaka inakwera n'kutseka polowera, madzi ake n'kusanduka abwino. (Ine madzi oundana ndinali ndisanawagwirepo n'komwe!)

Nzeru zanga zinandiuza kuti ndiumbe nyanjayo. Pansi pa mtengo wa mango ndinaumba mapiri awiri ndi dothi la pachulu, ngalande yamadzi pakati, kamtumbira kotseka, ndi dziwe loimira nyanja yamchere kutsidya kwake. Kuti ana alawe kusiyana, m'dziwemo ndinakhuthuliramo mchere wonse wa mkazi wanga, umene anauimirira pamzere tsiku lathunthu ku Lundazi. (Ayi, sindinamuuze.)

Ndinapita kumsewu kukalandira mlendo. Pobwera ndi ana, tinapeza mbuzi zisanu zili kalikiliki kunyambita nyanja yamchere.

"Aphunzitsi, izi ndiye nyama zakumeneko?" anafunsa woyendera uja.

Ndinazikuwiza. Tonde polumpha anaponda kamtumbira kaja, madzi amchere n'kukhamukira m'ngalande. Bamboyo anaviikamo chala n'kulawa, mmene mbuzi zinapondamo!

"Buku likuti madzi abwino. Nanga mchele uyu?"

Ndinkaona kale khasu likundidikira. Apo Tiwonge, mtsikana amene sankayankhula m'kalasi, anakweza dzanja.

"Bwana, yenze yabwino. Mbuzi zaphwanya kaphili kamene kanatseka, manje nyanja yamchele yabwelela monga kale."

Woyendera anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ana amvetsa," anatero, n'kusaina pepala langa. Chifukwa cha chimwemwe, ndinangokhala pansi m'matope momwemo.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga atagwira chitini chopanda kanthu.

"Bambo a Suzgo, nchito mwaipulumutsa, yewo. Manje m'ndiwo nithilemo nyanja?"

Masabata awiri tinadya ndiwo zopanda mchere, ndipo tsiku lililonse ndinkaziyamikira mokweza.