Nkhondo ya Zitseko Ziwiri

Khalani chete inu misana yonse, yowongoka ndi yokhota yomwe. Tcherani khutu inu ziuno zimene munaphwanyidwa ndi mipando ya mu ofesi, ndi inu makosi amene munauma chifukwa choweramira mafoni. Pakuti zimene zikusimbidwa pano zinachitika m'masiku aja owawa, pamene munthu wodwala sankafunsidwa kuti akumva kupweteka pati asanafunsidwe kuti khadi lake la inshuwalansi ndi la kampani iti.

M'masiku amenewo, pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, pothera masitepe opapatiza amene ankabala okha odwala atsopano, panali kiliniki yowongola misana ya zipinda ziwiri. M'chipinda cha kumanja munkalamulira a Mphezi, Mpotolakhosi Wosapha, Mwini Zigongono Ziwiri, Iye Amene Akagunda Msana Nkhunda Zimathawa Padenga. Akakugoneka pabedi lawo lachikopa, nakupinda ngati bulangeti, nakugwera ndi thupi lonse, mafupa ako ankalira kuti phwa! mpaka odikira pabenchi ankayang'anana ndi kumeza malovu. M'chipinda cha kumanzere munali mlamu wawo, a Thonje, mng'ono wa akazi awo, Mfumukazi Yaifupi ya Zala Zofewa, amene ankawongola msana mwakachetechete ngati akusita malaya a ukwati. A Mphezi ankati kumeneko n'kusisita mphaka, osati udokotala. Ndipo pakati pa maufumu awiriwa, pakauntala, pankakhala mayi amene anali mkazi wa uyu ndi mkulu wa uyo, mayi wa maso ngati m'bandakucha, amene a Mphezi ankawakondabe ngati tsiku loyamba, ngakhale chikondicho ankachibisa ngati katundu wakuba.

Mtendere unalipo, mpaka tsiku limene kampani ya inshuwalansi inatumiza munthu wa tayi atanyamula kachikwangwani kabuluu, kakakulu ngati chikhatho, kolembedwa kuti PANO TIMALANDIRA KHADI LANU. Kamodzi basi, pakuti kwa kampaniyo kiliniki inali imodzi. A Mphezi anali atatsika kukametetsa ndevu. A Thonje anakatenga, anakapukuta ndi mkono wa malaya, nakapachika pa kamsomali ka pachitseko chawo.

Ha, kamsomali iwe, ukadadziwa! Kuyambira tsiku limenelo odwala akafika pamwamba, ali wefuwefu, khadi lili m'manja, maso awo ankagwera pa kabuluu kaja ndipo miyendo inkakhotera yokha kumanzere. Mayi a Pakauntala anatopa n'kufotokoza kuti khadi limagwira zipinda zonse ziwiri, popeza makina ake ali pomwepo pakauntala. Koma ndani amamvera pakamwa pa munthu pamene zilembo zapachikidwa? Benchi la kumanzere linadzaza mpaka ena n'kuimirira, la kumanja linagonedwa ndi fumbi. A Mphezi ankadzitsekera okha, kumadziliza zala kuti akunja aziyesa muli ntchito. Ndipo pamene Woyendetsa Lole, chimphona cha msana ngati chitseko cha galaja, wodwala wawo wakalekale, anawadutsa pamaso n'kukakhala kumanzere atazolika, a Mphezi anadziwa kuti ufumu ukutha, ndi kuti akapanda kulanda kachikwangwaniko, zigongono zawo zichita dzimbiri.

Anatuluka tsono, naima pakati pa chipinda chodikirira, nafuula:

"Alamu! Ine ndinayamba kuwongola misana inu mukadalirira asisi anu kuti akumangireni nsapato! Ine ndinakunyamulirani sutikesi popita ku koleji! Lero mwandibera anthu anga ndi kachitsulo ngati chotsekera botolo?"

A Thonje anasuzumira pakhomo, manja ali noninoni ndi mafuta. "Tsitsani mawu, alamu, mudzutsa odwala anga. Kwathu kuno anthu amagona tulo, sakuwa."

"Amagona chifukwa palibe chimachitika!"

"Nanga kwanuko chikuchitika n'chiyani? Ndamva mukuliza zala kuyambira m'mawa. Zachira?"

Benchi lonse linaseka, ena atagwira m'chiuno pakuti kuseka kunkawalasa.

"Inu anthu awiri," anatero Mayi a Pakauntala, "bwanji tikapachike pakhoma, pakatikati apa?"

"Mayi," anayankha a Mphezi mwaulemu wa mfumu yovulazidwa, "pakhoma palibe dokotala."

Nkhondo inabuka. A Thonje akatuluka kukadya, kachikwangwani kankawolokera kumanja; a Mphezi akalowa kuchimbudzi, kankabwerera kumanzere. Kankayenda ngati mwana wa makolo osudzulana, ndipo odwala ankasamuka nako, benchi ili benchi ilo, opindika, otsimphina, okoka mwendo, ngati othawa nkhondo owoloka malire. "Madokotala inu," anadandaula Woyendetsa Lole, "ine ndinabwera ndi msana wokha, pano ndawonjezera mawondo."

Zina zonsezo tizidumphe, pakuti mtima ukuthamangira tsiku lalikulu.

Tsikulo a Mphezi analawirira dzuwa lisanaumitse mame pamagalasi, atabisa m'thumba chida chimene sichinagwiritsidwepo m'nkhondo za m'nyumbamo: guluu wa m'kachubu, uja amamata zala mpaka khungu lisupuke. Anachotsa kachikwangwani pa kamsomali, anakokera mpando wawo wa matayala pakhomo, anakwerapo, nakamata pamwamba penipeni pa chitseko chawo, pamene mlamu wawo wamfupi sakadafika ngakhale atadumpha. Odwala atayamba kufika anapeza a Mphezi akadali pampandopo, aatali ngati chipilala cha chikumbutso, ndipo iwo sanafune kutsika asanalankhule.

"Imvani lamulo, inu nonse a misana yosweka! Kuyambira lero mpaka dzuwa lidzazime, kumene kuli chikwangwani n'kumene kuli khadi! Chipinda chopanda chikwangwani, khadi sichilidziwa! Mayi, mwamva?"

"Ndamva, bambo. Tsikani."

"Bwerezani, alamu," anatero a Thonje, amene anali atangofika, chikwama chili pamapewa. "A kumasitepe sanamve."

A Mphezi anabwereza, mokweza kuposa poyamba. Kenaka, pofuna kuona ngati maso aja a m'bandakucha akuwasirira, anatukula chifuwa natembenukira kukauntala. Koma mpando wa matayala sudziwa chikondi. Unaseseleka. Ngwazi sinagwe ayi, mbiri ilembe zimenezo. Inadzipotola m'malere, inatera ndi miyendo yonse iwiri, ndipo pansi pa msana pake china chake chinati tswi, mochepa ngati mbewa yopondedwa. A Mphezi anafuna kuweramuka, msana unakana. Anatsala chowerama, okhota ngati chogwirira ambulera, akuyang'anana ndi nsapato zawo.

"Bambo, mwatani?"

"Ndikuona ngati munakolopa bwino."

Pamenepo odwala onse, omvera lamulo, anali atasamukira kale kumanja. Benchi limene a Mphezi analilota usana ndi m'tulo linali lodzaza, makhadi ali m'manja, maso ali pa iwo. Ndipo iwo sakadatha kunyamula ngakhale supuni. Anadzikokera m'chipinda. Anadzikhuza pakona ya bedi, anadzikolowekera pachogwirira chitseko, anayesa kufikitsa chigongono chawo chotchuka pamene pankawawa. Koma Mlengi, mwa nzeru zake zanthabwala, anaika chigongono kutsogolo ndi msana kumbuyo. Wometa sadzimeta kunkhongo.

"Adokotala, ndilowe?" anafunsa Woyendetsa Lole.

Mayi a Pakauntala anabwera, nagwada kuti nkhope zionane, nanong'ona: "Bambo, pitani kwa mlamu wanu."

"Ndiyambe ndafa kaye."

"Mukafa chowerama chonchi, bokosi lake tikalipeza kuti?"

Anapita. Anayenda chammbali ngati nkhanu, pamaso pa anthu onse, mpaka mutu wawo unagunda chitseko cha kumanzere. A Thonje anatsegula, nayang'ana padazi pa mlamu wawo ngati sanalionepo.

"Takulandirani, bambo. Mwabwera ndi khadi?"

"Lili m'thumba lakumbuyo. Sindingalifikire."

Mayi a Pakauntala analisolola, nalipereka. A Thonje analitembenuza uku ndi uku, nalibweza mwachisoni. "Pepani kwambiri. Kuno khadi sitilidziwa. Mfumu inalamula m'mawa uno, kawiri konse. Pitani kuchitseko cha kachikwangwani kabuluuko, kuli dokotala wodziwa zedi, ananyamulapo sutikesi."

"Alamu, osasewera."

"Ine? Ndimangosisita amphaka ine, alamu. Masewera ndiwadziwira kuti?"

A Mphezi akadangoti lamulo lija lafafanizidwa, zonse zikadatha pomwepo. Koma ngwazi ikalavula malovu pagulu siwameza, ngakhale ikuwayang'ana pafupi chotero. Anakukuta mano. "Matulani kachikwangwaniko, mukapachike kwawo!"

Woyendetsa Lole anayesa ndi zikhadabo, zinathyoka. Anayesa ndi kiyi wa lole, anapindika. Guluu anagwira ngati ngongole ya maliro.

"Nanga adokotala aakazi atalowa m'chipinda chanu?" anafunsa mayi wina wa khosi louma, akutembenuka ndi thupi lonse.

"Bedi lawo n'lalitali," anatero a Thonje. "Analigula dala kuti ndisamalibwereke."

Kenaka Woyendetsa Lole, amene m'moyo mwake anatsitsapo katundu wambiri wokana kutsika, anakanda mutu nati, "Ngati chikwangwani chikukana kuchoka pachitseko, chichoke chitseko." Anatsika kukabwereka zitsulo kwa ogulitsa matayala, ndipo posakhalitsa mahinjesi anagonja. Chitseko cha ufumu wa kumanja chinagonekedwa pansi. Apa n'kuti a Mphezi, amene anadzikokera komweko kukaonerera, atalephera kuponyanso phazi, moti anawagoneka chammbali pachitseko pomwepo, kachikwangwani kali kumutu ngati chisoti chachifumu.

Inu amene simunaone, lirani! Pakuti palibe mfumu inanyamulidwapo ndi gulu lotere: Woyendetsa Lole kutsogolo, kumbuyo odwala amene misana yawo inali yabwinoko, aliyense akubuula mwa mtundu wake, wina "mayo," wina "chiuno changa ine," mayi wa khosi louma akutsogolera njira ngakhale sankatha kuona kumbali. Ulendo wonse unali wochokera khomo ili kufika khomo ilo, koma anapumira panjira. Mayi a Pakauntala ankayenda pambali atagwira dzanja la amuna awo, ndipo a Mphezi, ali mkati mwa ululu ndi manyazi, anaona kuti kugwidwa dzanja chotero pagulu sikunawaipire.

"Chikwangwani chafika," analengeza a Thonje chitseko chitalowa. "Khadi talilandira. Aikeni apa."

Zala zofewa zinayamba kuyenda pamsana wa ngwazi, fupa ndi fupa, ngati munthu wofufuza kiyi mumdima.

"Alamu, kusisitaku mutha liti? Yambani ntchito."

"Kokani mpweya, alamu. Tulutsani. Asisi, tawafunsani kuti amakukondani bwanji."

A Mphezi anatsegula pakamwa kuti akane funsolo, thupi linaiwala kudziteteza, ndipo pomwepo Mfumukazi Yaifupi inadumpha.

PHWAAA!

Magalasi ananjenjemera. Pansi, wogulitsa matayala anathamangira panja kufunsa kuti laphulika ndi liti. A Mphezi anatsika pabedi pang'onopang'ono, naweramuka, naweramukabe, mpaka anaona denga, lomwe anali atalisowa ngati kwawo.

"Kodi inu mumadziwa kuliza?" anafunsa ndi mawu ang'ono.

"Ndimadziwa. Ndimangosungira achibale."

Mtendere unasainidwa masana omwewo. Chitseko anachisanjika pa matayala akale pakati penipeni pa chipinda chodikirira, kachikwangwani kakuyang'ana kumwamba, ndipo anagwirizana kuti sichidzakhalanso cha kumanja kapena cha kumanzere. Anayalapo mabisiketi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, nawombanitsa makapu apepala amene sanalire. Woyendetsa Lole analankhula m'malo mwa ovulala onse a nkhondoyo. Mayi a Pakauntala anakonza kolala ya amuna awo, ndipo dzanja lawo linachedwa pakhosipo kuposa mmene kolala inkafunira.

Koma mabisiketi asanathe, odwala anayamba kunyamuka mmodzimmodzi kulowera kubenchi la kumanzere, pakuti anali atamva ndi makutu awo kumene kuli mphezi yeniyeni. Mtima wa a Mphezi unagwera m'nsapato. Anayang'ana benchi lawo likuyera, ndipo nthawi ino panalibe choti akamate.

A Thonje anawaona. Anayasamula, natambasula zala. "Ine lero ndatha, anthu inu. Ndawongola njati, manja akunjenjemera. Amene akufuna kuchira apite kwa alamu anga. Msana wawo ndi watsopano, ndauika ndekha."

Gulu linatembenuka, linawolokanso malire komaliza, nilidzaza benchi la kumanja. A Mphezi anapinda mikono ya malaya, zigongono zinawala, naima pakhomo la ufumu wawo.

"Mayi," anatero mokweza, "mbiri ilembe kuti mdani wapereka akaidi onse popanda kuwomba mfuti."

"Ilemba, bambo. Koma osakweranso mipando."

"Woyendetsa Lole! Lowani, mugone chafufumimba. Ndipo mutseke chitseko."

Woyendetsa Lole anayang'ana felemu la pakhomo lopanda kanthu, anayang'ana pakati pa chipinda, natolapo bisiketi ina.

"Adokotala," anatero, "tikudyerapo."