Bala la Dikirani ndi Galu wa Mfumu Salakwa

Kuseri kwa mapiri, kumene mitambo imatsika mpaka amayi kumayanikapo nsalu zawo, kunali dziko lotchedwa Wodzera. Anthu ake ankayenda ngati ali m'maloto, ndipo atambala omwe ankalira mochita kuyasamula. Wolamula dzikolo anali Mfumu Salakwa, mwini mphepo ndi mithunzi yonse, yemwe akuti chibadwire sanapepesepo munthu, ngakhale mayi ake omubala. Mfumuyi inali ndi galu woyera ngati thonje, dzina lake Ndiweyani, ndipo amiseche a kuchigayo ankanong'onezana kuti ameneyo ankadzola mafuta onunkhira kuposa akazi a mfumu eniakewo.

M'mawa wina, mtsikana wogulitsa masuku, Dikirani, akudutsa m'nkhungu dengu lili pamutu, galu uja anamuluma pakatumba, masuku onse mbwee. Dikirani sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna bwalo lilamule kuti galuyo azimangidwa, poti njira ya kumsika inali imodzi yomweyo. Koma ku Wodzera kunali lamulo lakuti mlandu wa galu uzizengedwa bala likadali laliwisi. Bala likapola, mlandu wapolanso.

Woweruza, olemekezeka a Mawamawa, bambo wa mawu ofewa wokonda kutsinzina, anamulandira mwaulemu, nayang'ana balalo, namuuza kuti abwere mawa popeza galu anali ndi chimfine. Mawa lakelo akuti galu wapita ku ukwati. Mkuja wake akuti nkhungu yachuluka, choonadi sichingaoneke bwino. Uku bala layamba nkhanambo.

"Lisiye lipole, mwanawe," anatero mayi ake aang'ono, a Zisiye, akumuthowa ndi madzi ofunda. "Ukufuna udzayendere ndodo usanakwatiwe?"

"Likapola ndiye kuti sanandilume, amayi," anayankha Dikirani.

Choncho m'mawa uliwonse, asanapite kubwalo, ankaluma nsonga ya chitenje n'kutokosola nkhanambo ija ndi chikhadabo. Masuku anatha m'tchire, mvula inabwera n'kupita, mwendo unatupa ngati mtondo. Kumjigo atsikana ena ankati analodzedwa, ena ankati iii, ameneyo akungofuna kukwatiwa ndi mwana wa woweruza. Dikirani, tulo ta masana tikamugwira pakhonde la bwalo, ankalota akuthamanga pamwamba pa mitambo ndi miyendo iwiri yosalala.

Tsiku la mlandu linafika ndithu. Ndiweyani anabwera atanyamulidwa pamkeka, wina atamugwirira ambulera. A Mawamawa anathyola kaudzu, nayeza mano a galu, nayezanso bala, kenako anatsinzina nthawi yaitali mpaka ena anayesa agona.

"Mwana wathu wokondedwa," anatero, "bwalo lolemekezekali laona kupirira kwanu ndipo lagwidwa chifundo. Koma bala ili ndi lalikulu ngati chikhatho, pamene kamwa la Ndiweyani ndi laling'ono ndiponso laulemu. Tikuonamo zikhadabo za munthu, mano a galu mulibemo. Mwadzivulaza nokha, ndipo mwaipitsa mbiri ya wosalakwa. Gwadani mumupepese."

Dikirani anayang'ana a Zisiye, a Zisiye anayang'ana pansi. Pang'onopang'ono anagwada ndi bondo limodzi, mwendo wotupawo atautambasula poti sunkapindika. Galu uja anatsika pamkeka, ananunkhiza, nayamba kunyambita balalo mofatsa, maso atatseka ngati akudya uchi.

Bwalo lonse linaimba nthungululu, ndipo pofika madzulo dziko lonse la Wodzera linali likukamba za galu wa mtima wabwino, yemwe anakhululukira mtsikana womunamizira.