Holisita ya Achimwene

Lolemba

Mvula chiyambire m'mawa. Umoja yense, dera lathu kuno ku Nairobi, ndi matope.

Ndakhala pawindo, ndipo chomwe chikundibwerera ndi khonde la nyumba ya kumalaini a polisi ku Zomba, ine ndili mwana. Achimwene a Waisoni ali pampando, nyuzipepala pamiyendo, akupukuta holisita yawo, kachikwama kachikopa kaja kovala pa lamba kosungiramo mfuti yaing'ono. Polishi pang'ono, malovu pang'ono, kansalu. Ntchito yanga inali kugwira chivindikiro cha polishi. Akamaliza ankaimirira patsogolo panga, kumanga lamba, n'kufunsa: "Ukudziona?" Ndinkadziona ndithu, makamaka mphuno.

Ndiwo anandilera bambo atamwalira. Fizi, yunifolomu, nsapato. Sanandipemphepo kanthu, ngakhale sopo.

Lero alamu anga, akazi awo, aimba foni kuchokera ku Thyolo, mawu akudukaduka. Achimwene anapuma ku polisi, tsopano akuyang'anira alonda pa esiteti ina ya tiyi. Kampani yawapatsa mfuti yopanda chikwama, pomwe holisita yakale anabweza ku boma. Ndiye mfutiyo akuyenda nayo m'thumba la jekete, atakulunga m'sokisi. Alamu akuti: "Akuti ngati mng'ono wawo akuwakumbukirabe, ku Nairobi zinthu zotere sizisowa."

Ngati akuwakumbukirabe! Kumudzi sindinapondeko chibadwire mwana wanga Chisomo, ndipo Chisomo tsopano akuvala nsapato zanga.

Mayi Gondwe a ku Kasarani, anzathu a m'kwaya, akukwera ndege ya ku Malawi Loweruka. Avomera kutenga kaphukusi, bola kakhale kopepuka.

Tsopano kusankha.

Yachikopa:
- imakhalitsa
- imapukutika
- munthu wamkulu imamukhala

Ya nayiloni:
- siopa mvula, ndipo ku Thyolo mvula sisowa
- ndi yopepuka, Mayi Gondwe angakondwe
- imaoneka ngati chikwama cha mwana wa sukulu

Yachikopa basi. Pofika Lachisanu zikhala zitatha.

Lachiwiri

Nthawi ya nkhomaliro ndathamangira ku Kariokor, kumsika wa osoka zikopa. Fungo lake ndi la pakhonde paja ku Zomba, kungoti lochuluka.

Ndapeza mmisiri, kuno amati fundi, dzina lake Mzee Kioko. Ndisanamalize kufotokoza wati kale: "Hakuna shida." Palibe vuto. Wanditulutsira:
- chimake cha mpeni
- kachikwama ka foni
- lamba wa galu

Chilichonse akuti angochisintha pang'ono. Ndakana zonse. Kenako watsitsa mawu: ndibwere nayo mfutiyo, chifukwa chikopa amachiviika m'madzi n'kuchiumba pa mfuti yeniyeniyo kuti chitenge thupi lake. Ndamuuza kuti mfuti ili ku Malawi. Akuti ndikatenge, adikira.

Ku ofesi a Banda oyang'anira magalimoto andipatsa ulaliki wa nayiloni. "Chikopa chimamwa thukuta, mfuti n'kuchita dzimbiri. Inu mukugula chikumbutso kapena chida?" Iwowa anabadwira m'tauni, polishi sanamugwirirepo munthu chivindikiro.

Amake Chisomo akuti ndigule zonse ziwiri. Ayi. Munthu amene anakulera sumutumizira zinthu ziwiri ngati ukuti asankhe yekha chifukwa iwe walephera.

Madzulo ndagula khadi ya foni kuti ndifunse kukula kwa mfuti. Achimwene sindingawafunse ndekha, mng'ono sayamba kufunsa mkulu wake mafunso ngati ali pakauntala ya polisi. Ndadzera mwa alamu. Iwo mfutiyo amangoiona ikamatuluka m'sokisi. "Ndi yakuda. Kutalika ngati nthochi yaikulu, kulemera ngati paketi ya shuga." Khadi yathera pomwepo.

Lachitatu

Ndalawira ku kasitolo ka zidole kuno ku Umoja, nthochi m'thumba. Ndayeza mfuti zonse za pulasitiki imodziimodzi, mayi wogulitsa akungondiyang'ana. Yolingana ndi nthochi ndi imodzi yokha, yothira madzi ija, yobiriwira ngati chule.

Sindingapite nayo yobiriwira kwa fundi, angaseke achimwene. Ndaipaka polishi yakuda. Yatuluka bwino kwambiri. Kwambiri.

Ndaikulunga m'nyuzipepala, ndaika m'thumba la jekete, ndakwera minibasi, kuno amati matatu, yopita m'tauni. Wailesi pamwamba, anthu othithikana, mawindo otseka chifukwa cha mvula. Kondakitala watambasula dzanja. Ndapisa m'thumba, nyuzipepala yonyowa yang'ambika, ndipo chatuluka ndi mfuti.

Zachitika motere:
- wailesi yazima
- bambo wa suti kutsogolo kwanga wakweza manja
- mayi wa pambali panga wandiikira foni yake pamiyendo osayang'ana nkhope yanga, kenako ndolo
- kondakitala watsika galimoto ikuyenda

Chiswahili changa ndi cha kumsika, chokwanira kugula tomato. Mawu oti chidole sindikuwadziwa. Ndayamba kupepesa m'Chichewa, "pepani, pepani makolo," zomwe sizinathandize. Kuno wakuba akagwidwa m'matatu safika ku polisi ali bwinobwino, ndipo ndaona anyamata akumbuyo ayamba kuyang'anana. Ndiye ndaloza kudenga n'kukoka. Madzi otsalira a ku sitolo atuluka, psiii, agwera pa dazi la bambo wa suti.

Kenako mayi uja watenga foni yake, ndolo zake, n'kundimenya ndi ambulera. Mwaulemu, kawiri kapena katatu. Anditsitsa pamsewu wa Jogoo, mvula ili pakati. Dalaivala wakuwa: "Mzee, enda hospitali!" Akuti ndipite kuchipatala.

Ku Kariokor sindinafike. Manja akuda bii ndi polishi, ku ofesi ndanena kuti ndimasintha tayala. A Banda akudziwa kuti ndilibe galimoto.

Nthochi ndadya.

Lachinayi

Lero mfuti yayenda m'bokosi la nsapato lomanga ndi chingwe. Ndalemba pamwamba ndi zilembo zazikulu kuti ndi chidole, mawu ake ndachita kufunsa kwa mlonda wa ku ofesi.

Mzee Kioko waitembenuzatembenuza, wanunkhiza, wati: "Hakuna shida." Wasankha chikopa cha ng'ombe chokhuthala, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Wachiviika, wachikulunga pa chidole, akukanikiza ndi chala chachikulu mpaka mfuti yaonekera kunja ngati nthiti. Ndaima pamenepo nthawi yonse ya nkhomaliro, mtima uli m'malo koyamba sabata ino. Ndagwira ngakhale chitini chake cha guluu osapemphedwa.

Wafunsa mbali yovalira, kuti asokere polowa lamba. "Kumanja," ndayankha osaganiza n'komwe. Holisita yakale ija ndikuiona m'maso mpaka lero, inkawala kumanja.

Vuto ndi limodzi. Akuti iume yokha pamthunzi, chidole chili momwemo, mpaka Lolemba. Ndege ndi ya Loweruka! Ndamuuza. Wayang'ana kumwamba, mvula ikugwa, wati palibe vuto. Ndabwera nayo kunyumba yonyowa.

Ndapeza amake Chisomo aika kajumbo patebulo. Apita okha ku sitolo ina ya zovala za alonda ku Roysambu, pafupi ndi kuntchito kwawo, agula ya nayiloni. Yakuda, ya kumanja, yotseka ndi zomata zija zolira kuti khwaaa ukamatsegula. "Ingokhala, bambo a Chisomo. Siidya chakudya."

Khwaaa! Wakuba ali ku Luchenza angamve kuti ku esiteti atsegula mfuti. Ndaiika pamwamba pa kabati, kuseri kwa ma album.

Lachisanu

Sinaume. Ndaikhudza m'mawa, ikuzizira ngati mphuno ya galu. Nyumba yonse fungo la khola.

Ndapempha kuweruka masana. Njira zoumitsira:
- dzuwa: kulibe
- ayironi: magetsi azima
- mbaula ya makala, kuno amati jiko: ilipo

Ndayatsa makala pakhonde, ndaika holisita pa njerwa, patali ndithu ndi moto. Kenako ndaisendeza pang'ono. Kenako pang'ono pena. Yayamba kutuluka nthunzi, ndakondwa. Ndalowa m'nyumba kukalemba kakalata koika m'phukusi.

Kulembera achimwene n'kovuta. "Okondedwa achimwene" zikumveka ngati za ku sukulu. "Kwa bambo anga achiwiri" angachite nazo manyazi, iwo sakonda zotere. Ndang'amba mapepala angapo. Ndinali pakati pofotokoza za mvula ya kuno pomwe aneba a m'mwamba anakuwa kuti wina akuwotcha matayala.

Zotsatira:
- chikopa chakhwinyata, chauma gwa ngati chiwamba
- mbali imodzi yapserera
- chidole chasungunuka n'kumatirira m'kati
- chogwirira chokha chatulukira kunja, chakuda, chooneka ngati chenicheni kuposa kale

Ndakoka ndi pulayala. Ndathira mafuta ophikira. Amake Chisomo agwira uku, ine uku, takokana mpaka agwera pa sofa akuseka. Sizikutuluka.

Ndaipukutabe. Polishi pang'ono, malovu pang'ono, kansalu. Mbali yosapserera ikuwala, nkhope ikuoneka. Mwina achimwene angaipeze njira, iwo ndi munthu wa manja.

Ya nayiloni ndaitsitsa pa kabati. Amake Chisomo angoyamba kuimba nyimbo ya kwaya.

Loweruka

M'mawa ku Kasarani. Mayi Gondwe ali pakati pa masutikesi, akhalira imodzi kuti itsekeke. Ndawapatsa zonse ziwiri m'bokosi la nsapato. Atsegula, aona chogwirira chija chitatulukira m'chikopa, atseka.

"Achimwene anga, mukufuna ndikagone kuti lero? Pa bwalo la ndege pali makina. Ine ndili ndi adzukulu."

Ndafotokoza kuti ndi chidole. Akuti ndikafotokozere apolisiwo ndekha, iwo akakhala ali m'ndege. Atenga ya nayiloni yokha, aifinya, aipinda pakati, ailowetsa m'nsapato ya amuna awo. Yalowa bwinobwino. Zandiwawa kuti yalowa bwino chotero.

Chabwino. Kanthu kakupita. Anyamuka, ndawabayibitsa.

Pobwerera ndagula khadi ina, ndaimbira alamu. Ndati kaphukusi kali m'njira, ndi ka nayiloni, kachikopa kachita ngozi. Athokoza kwambiri. Kenako: "Koma mwakumbukira kuti achimwene anu ndi amanzere?"

Ndati ayi alamu, amadya ndi kumanja, amalemba ndi kumanja, moni amapereka ndi kumanja.

"Zimenezo ndi za mkwapulo wa amayi anu. Kudya, kulemba, kulandira, anawawongola ali mwana. Koma khasu, legeni ndi mfuti ndi kumanzere. Amayi anu ku polisi kunalibe."

Ndakhala pa benchi ya ogulitsa chimanga chowotcha. Ndayesa kuwaonanso pakhonde paja. Inde inkawala kumanja, koma kumanja kwanga. Iwo ankaima moyang'anizana nane. Nthawi zonse zinali choncho: iwo ataimirira, ine patsogolo pawo, kulandira fizi, kulandira malangizo, kuonetsa lipoti la sukulu. Sindikukumbuka tsiku lomwe ndinaima pambali pawo.

Ndiye mu ndege muli holisita ya kumanja, m'nsapato, ikupita kwa munthu wamanzere. M'bokosi langa muli ina ya kumanjanso, yodzaza kale.

Wachimanga wandifunsa ngati ndikugula kapena ndikungokhala. Ndagula.

Lamulungu

Mvula yakata. Dzuwa lomwe ndimalifuna Lachisanu latuluka lero, lonse.

Ku tchalitchi ndaimba besi mopanda mphamvu. A Banda amva kale nkhani ya m'matatu, sindikudziwa kwa yani. Pa moni wa mtendere andikwezera manja onse awiri.

Ndavomereza:
- sindidziwa zikopa
- sindidziwa mfuti
- sindidziwa dzanja la mkulu wanga
- mfuti ipitiriza kugona m'sokisi

Bokosi la nsapato lili pansi pa bedi. Kulitaya ku zinyalala sindingathe, wina angalitsegule n'kuitana apolisi.

Titadya nkhomaliro foni yalira, nambala ya ku Malawi. Ndimayesa alamu. Ndi achimwene eni ake. Mawu achepa, akalamba, koma ndaimirira ndithu pakati pa balaza, mpaka amake Chisomo andikoka malaya kuti ndikhale.

Alamu awauza zonse, ndi za kumanja zomwe. Sanaseke, sanakalipe. Akuti ya nayiloniyo ikafika apatsa mlonda wina, aziikamo tochi. Akuti pa msika wa Bvumbwe pali wosoka nsapato amene angathe ntchitoyi, koma zikopa zake n'zopyapyala. "Chikopa cha ku Nairobi ubwere nacho wekha, chosasoka. Mfuti ili kuno, sichoka." Afunsa kuti tchuthi changa ndi liti. Ndati mwina Ogasiti, ndiyang'ane kaye za ku ofesi. Ati: "Ogasiti." Ndati inde achimwene.

Ndiye zatero. Mawa ndikalemba pepala la tchuthi, amake Chisomo ayamba kale kufunsa za mabasi odzera ku Mbeya. Loweruka loyamba la Ogasiti, pa depoti ya mabasi ku Limbe. Akuti adzavala jekete yofiirira kuti ndidzawazindikire.