Galimoto ya Gash Mekuria Sinjenjemera

Aliyense woyendetsa takisi pa Megenagna, mumzinda wa Addis, akudziwa kuti Gash Mekuria sankavomera kanthu. Ukati kunja kukugwa mvula, iwo ankati ndi fumbi lonyowa. Ukawapatsa moni, ankayamba akufunsa kuti wakutuma ndani. Koma mkangano umene anapita nawo kumanda unali wa galimoto yawo yamagetsi, imene Addis yense ankaona kuti ikunjenjemera kupatula mwini wake.

Anaigula atakalamba kale, atagulitsa takisi yawo yabuluu ija inkalira ngati chigayo. Poyamba yatsopanoyo inkayenda mwakachetechete ngati mphaka. Kenaka inayamba matenda. Akangoponda moto, chiwongolero, mipando, magalasi, zonse gwedegwede. Akachotsa phazi, zii. Pokwera chitunda cha Entoto ndiye mano ankachita kuombana mkamwa.

Tsiku la Pasaka ananyamula mayi wina atafukata mphika wa nkhuku ya tsabola. Pofika ku Shiro Meda, diresi loyera lija linali psuu ndi msuzi.

"Gashe, galimotoyi ili ndi malungo kapena?"

"Mayi, mwalipira ulendo wokha. Kukutikitani msana ndakupatsani ulere. Mukufunanso chiyani, ndikuimbireni nyimbo?"

Ife anzawo tinkawapanikiza pamalo otchajira, podikira mabatire adzaze. Dejene, mnzathu wapakamwa, ankati ndi matayala. Wina ankati mabawuti amasuka. Gash Mekuria ankangopukusa mutu.

"Ndi msewu."

"Nanga ife tikuyenda pamsewu wakumwamba?"

"Inu mumayenda ngati mwanyamula maliro, mungamve chiyani? Hatchi yamphamvu imatakataka. Zanuzo ndi abulu."

Madandaulo atachuluka, kampani imene imatipezera okwera pafoni inawachenjeza kuti akapanda kukonza galimotoyo iwatsekera. Anaiyankha foniyo mawu oti sindingawabwereze pano. Apo m'pamene akazi awo, Etiye Askale, anatopa. Anaba makiyi bamboyo akusamba, nandipatsa ine kuti ndikaisiye ku galaja ya Tsehaynesh, mayi wodziwa zamagetsizi ku Kera.

Madzulo Gash Mekuria anatulukira pa galajapo, ndodo m'manja, Etiye Askale ali pambuyo.

"Ndani wakhudza galimoto yanga? Mbava! Ndipita kupolisi!"

"Pitani, Gashe, koma muyambe mwasuzumira pansipa," anatero Tsehaynesh. "Akanakhala matayala, bwenzi ikugwedera ngakhale mutachotsa phazi. Iyi imagwedera ikamakoka basi. Ndi shafti iyi, polumikizira pamkatipa. Mphira unang'ambika kalekale, girizi anatha, chitsulo chikudya chinzake."

"Chidyane! Ndi chako?"

"Chikanathyoka muli pachitunda ndi ana a eni ake. Ndaika kale yatsopano. Kwerani tiyese."

Anakwera akung'ung'udza. Tsehaynesh anakhala kutsogolo, ine ndi Etiye Askale kumbuyo. Anaponda moto, galimoto inangoti see, ngati ikuyenda pa batala. Magalasi phee. Mipando phee. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaseke, koma maso anga anagwera pachiwongolero. Pachiwongolero chosagwederacho, manja a Gash Mekuria ankanjenjemera okha, lamanja kwambiri, ngati tsamba pamphepo.

Tonse tinaona. Etiye Askale anayang'ana kuwindo.

"Mwana iwe, sunakonze," anatero nkhalambayo, mawu ali pansi.

"Ndakonza, Gashe."

Anayenda pang'ono, kenaka anapatukira m'mbali, naimika bwinobwino. Anatuluka, namenyetsa chitseko.

"Mwandionongera galimoto. Yopanda moyo chonchi ine sindiyendetsa. Askale, igulitse kwa munthu waulesi."

Sanagwirenso chiwongolero. Koma mawu akuti kudwala sanatuluke pakamwa pawo. Dokotala atawauza dzina la nthendayo, anamuuza kuti iyeyo ndiye akugwedera, akakonzetse mpando wake. Khofi akatayikira pamalaya, ankakalipira wogulitsa kuti makapu a masiku ano ngoterera.

Tinkaganiza kuti akakhala kunyumba. Ayi ndithu. Atangosiya kuyendetsa, m'mawa wotsatira anabwera ndi mpando wapulasitiki pamalo otchajira paja, nadziika okha kukhala woyang'anira mzere. Palibe anawasankha, palibe ankawalipira.

"Iwe Dejene, batire yako yakwana, chokapo! Ukufuna kukwatira chingwecho?"

Bwana wina wa galimoto yaikulu atafuna kudumpha mzere, anamuimirira kutsogolo, ndodo ikuvina m'manja.

"Ndigunde, mwana wanga. Ndakana imfa kuyambira usanabadwe, ndingaope iwe?"

Bwanayo anabwerera kumapeto.

Imfayo inawapeza m'nyengo ya mvula yapitayi. Etiye Askale akuti wansembe atabwera kudzawapempherera, Gash Mekuria anamufunsa kuti wadwala ndani m'nyumba muno.

Pamaliro tinapita ndi galimoto zathu zonse, mzere wautali, ndipo poti zamagetsi sizilira, munthu unkamva mapazi a anthu oyenda m'mbali. Pamalo otchajira tsopano anaikapo makina opereka manambala. Aliyense amadikira yake, maso pafoni, osayankhulana. Dzana ndinaona Dejene atasiya dala galimoto yake pachingwe, batire itadzaza kale. Anaima pambali, manja m'thumba, akuyang'ana uku ndi uku. Palibe anamukalipira. Mapeto ake anazula yekha chingwecho n'kumapita.