Kompyuta Yoti Limbani Aimbiremo

Lolemba

Ndalonjeza, ndipo ndalonjeza pagulu. Loweruka lino tikudalitsa chiliza cha mlongo wanga Limbani, ndiye dzulo pa msonkhano wa banja pakamwa panga panathamanga: "Amayi, nyimbo imene ankakujambulirani ija muimvera kumanda komweko." Amayi anangondigwira dzanja. Kubwerera m'mbuyo kulibenso.

Vuto ndi ili. Pogawa katundu wa malemu chaka chatha, laputopu yake inapita kwa msuweni wathu wina, yemwe anaigulitsa mwezi usanathe. Ine anandiponyera kabokosi kakuda kosungiramo mafayilo, poti aliyense ankayesa ndi tchaja yakufa. Kali ndi tepi yofiira. Limbani ankamata tepi yofiira pa chilichonse chake, akuti kuopa ine, akuti ndimabwereka osabweza. Bodza lenileni!

Pa kompyuta ya ku ofesi kabokosiko sikakutseguka. Nyimbo zake zili mu pulogalamu yomwe imayenda pa makompyuta a kampani imodzi yokha, odula ngati poloti aja. Koma pa intaneti pali anthu opanda tulo amene amamanga kompyuta wamba n'kuinamiza sisitimu ya kampaniyo kuti ili kwawo. Chinsinsi, akuti, n'kusankha zipangizo zimene sisitimuyo imazidziwa kale.

Ndasindikiza mndandanda pa pulinta yanga:

1. Pulosesa yakale pang'ono. Zatsopano imazikana.
2. Mathabodi yogwirizana ndi pulosesayo.
3. Ramu ziwiri zofanana, osati zopewana ngati mkamwini ndi apongozi.
4. Khadi ya zithunzi ya mtundu wofiira. Wobiriwira ayi!
5. Kupirira.

Ndatenga tchuthi cha sabata. Ine amene ndimakonza pulinta ya bwana ndi pini ya m'tsitsi? Zing'onozing'ono izi.

Lachiwiri

Chiperoni. Phiri lonse la Zomba lasowa, pangotsala nkhungu yoyera yolowa mpaka m'khitchini.

Ndili ku Chikanda kwa Che Saidi, wokonza makompyuta. Kashopu kawo ndi manda a makiyibodi. Awerenga mndandanda wanga kawiri, kenako andiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Asisi, mukufuna kompyuta kapena mukufuna matenda a mtima?"

Asolola bokosi la kompyuta pansi pa benchi. Akuti analigula pa okushoni ya ofesi ina yomwe inatsekedwa. Pulosesa ndi yomweyo, mathabodi ndi yomweyo, mtengo wake wa munthu wa boma. Ndikufunsa kuti ankagwiritsa ntchito ndani. Akuti asisi, zinthu zotchipa sitifunsa mbiri.

Ramu apeza ziwiri, imodzi yayitali msinkhu, ina ili ndi dzimbiri pang'ono. Akuti zizolowerana. Khadi ya zithunzi ili m'katoni yofiira, ndalandira ndi manja awiri.

Wa kabaza wakana kunyamula bokosilo pamodzi ndi ine. Akuti likulemera modabwitsa, ndisankhe. Bokosi lakwera njinga, ine ndikutsatira pansi ngati woperekeza maliro.

Amayi aimba foni: "Waimva kale?" Ndati yatsala pang'ono.

Lachitatu

Zonse ndalumikiza. Ndadina batani. Zilembo zoyera zikuthamanga pa sikirini ngati nyerere, ndikuomba m'manja ndekha, kenako mdima bii! Ndimangoona nkhope yanga pagalasi, ndi chitseko chili kumbuyo kwangaku, chomwe ndikukumbuka bwino kuti ndinatseka.

Mphepo. Ndi mphepo basi.

Ndayang'anitsitsa khadi ija. Katoni ndi yofiira, khadi yake ndi yobiriwira! Che Saidi pa foni: "Katoni ndi katoni, asisi." Akuti ndiichotse, pulosesayo ili ndi kake kotulutsira zithunzi m'kati. Nanga anandigulitsiranji?

Magetsi athima cha m'ma leveni. Ndazimitsa maganizo, ndikuchapa panja. Nkhungu yafika pa chingwe choyanikira, malaya anga akuoneka ngati anthu opanda mitu. Kenako m'nyumba ndikumva "hm-hm", monga ankachitira Limbani asanayambe kuimba. Sopo wandigwa m'manja.

Ndasuzumira pawindo. Kompyuta yadziyatsa yokha. Fani ikuzungulira, ikukhosomola.

Zimene Che Saidi akunena:
– magetsi abwera, mathabodi za m'maofesi zimadzuka zokha magetsi akabwera;
– fani ndi yakale, ikufuna mafuta;
– ndisamaimbe nthawi ya swala.

Zimene ine ndikunena: ndaiphimba ndi chitenje, ndipo nkhomaliro ndadyera pakhonde, kuzizira konseku.

Lachinayi

Yayenda! Yayenda! Nditayesa kasanu ndi kawiri, ndasintha kafayilo kamodzi malinga ndi malangizo a munthu wina wa pa intaneti amene chithunzi chake ndi kadzidzi, sisitimu yanamizika. Yandilonjera mwaulemu m'zinenero zambirimbiri, Chichewa mulibe.

Zimene zikugwira: sikirini, kiyibodi, mabowo awiri a fulashi.
Zimene sizikugwira: intaneti yopanda chingwe, mabowo ena onse, wotchi.

Ndalowetsa kabokosi ka Limbani. Katseguka. Ndayamba kusaka. Zithunzi za kwaya, nyimbo za anthu ena, ndipo pansi penipeni fayilo yolembedwa kuti "Nyimbo ya amayi". Anaisunga kutatsala masabata atatu kuti agonekedwe m'chipatala.

Ndaitsegula. Mawu ake akuoneka ngati timapiri tobiriwira, tambiri koyambirira, kenako mzere wautali wosalala, kenako kaphiri kamodzi kumapeto. Ndadina kuti iimbe. Kamzere kakuyenda pamwamba pa timapirito, nyali zikukwera ndi kutsika.

Zii.

Limbani akuimba pamaso pangapa ine osamva kanthu. Ndasintha sipika, ndavala mahedifoni, ndakweza voliyumu mpaka kumapeto. Ndayesa kuitulutsa kuti ndikamvere pa foni, pulogalamu ikukana, ikuti kompyutayi ilibe potulutsira mawu. Pa mndandanda wanga wa Lolemba ndinaganiza za zithunzi, za ramu, za chilichonse. Za mawu ndinaiwala, pomwe ndikufuna mawu okhawo!

Ndalira. Kenako ndaiyambitsanso, ndakhala n'kumaonera timapirito mpaka tiyi wazizira.

Amayi akuti auza a kwaya kuti asakonzekere nyimbo yomaliza, aimba mwini wake.

Lachisanu

Che Saidi akuti kachipangizo ka mawu ka pa mathabodi iyi sisitimuyo siikadziwa, ndipo sidzakadziwa mpaka kalekale. Njira ndi imodzi: kabokosi ka mawu kolumikiza kunja, konga kamene oimba amalowetsamo maiki. Limbani anali nako. Pogawa katundu kanapita kwa amalume, omwe amagwira ntchito ya nkhalango kumtunda, kufupi ndi damu la Mulunguzi.

Ndakwera phiri m'mamawa. Nkhungu yoti sutha kuona dzanja lako. Mitengo ya paini ikudontha, madzi akumveka koma osaoneka, ogulitsa zipatso akutulukira m'mbali mwa msewu opanda mapazi, mbale zokha zili patsogolo. Ndagula mbale imodzi chifukwa cha mantha.

Kabokosi ndakapeza. Amalume anakasandutsa chotsekera chitseko cha khola la nkhuku. "Wailesi yake yosagwira iyi, mphwanga. Ndinaisaka siteshoni mwezi wathunthu." Tepi yofiira ikadalipo. Chingwe chake palibe, akuti sanachionepo.

Ndatsika, ndaimbira Che Saidi. Aseka. Akuti chingwe chake n'chimodzimodzi ndi cha pulinta, ndingozula pa pulinta yanga.

Ndakankha pulinta, ndazula chingwe. Chabuluu. Kumapeto kwake, mbali yoyang'ana kukhoma, kuli tepi yofiira.

Ndakhala pansi kaye.

Ndalumikiza. Sindinadine chilichonse, kapena ndinadina ndi chigongono, sindikudziwa. Sipika yangoti "hm-hm", kenako iyeyo, ngati waima pakhomo:

"Kuyesa, kuyesa. Nyimbo ya amayi. Aa, mawu sakumveka bwino. Ndikujambulira kamaiki ka pa laputopu, poti achemwali anabwereka chingwe changa. Akabweza tijambula bwinobwino."

Wang'ung'udza mizere iwiri yopanda mawu, wakhosomola, waseka. Kenako mzere wosalala uja: mvula padenga, mpando kulira, iye kupuma. Mphindi zinayi. Ndipo kaphiri ka kumapeto kaja ndine, ndikukuwa ndili panja:

"Limbani, ndibweza mawa!"

Nyimbo palibe. Ndasaka kabokosi ka mafayilo konse kawiri. Palibe.

Loweruka

M'mawa ndaganiza zonama. Ndinene kuti kompyuta yakana, aliyense akhulupirira, Che Saidi akhoza kuchitira umboni. Ndaganizanso zodula kaphiri ka kumapeto. Mbewa ya kompyuta ndinaigwira ndithu. Koma fayiloyo ndaikopera pa foni yonse monga ilili.

Kumanda nkhungu yatsika mpaka m'mawondo. Abambo mfumu awaza madzi, nsalu yachotsedwa, dzina lake lili pamwala. Amalume alengeza kuti tsopano timva nyimbo ya malemu. Ndalumikiza foni ku sipika ya kwaya.

"Hm-hm." Azimayi awiri a kumbuyo abwerera m'mbuyo. Atafika pa "achemwali anabwereka chingwe changa", mitu yonse yatembenukira kwa ine, ngakhale ya anthu osandidziwa. Mphindi zinayi za mvula ndi kupuma tazimvera titaimirira, palibe wosuntha, palibe wokhosomola. Kenako mawu anga akuwa pakati pa manda kuti ndibweza mawa.

Woyamba kuseka ndi amayi. Aseka mpaka agwira chiliza, misozi ili mbwee, ndipo anthu onse atsatira, ena kuseka, ena kulira, abambo mfumu abisa nkhope m'buku.

Ndawagwadira kuti ndipepese, chifukwa nyimbo yawo inalephereka ndi ine. Andidzutsa.

"Nyimbo ndimamva tsiku lililonse kutchalitchi. Kupuma kwa mwana wanga ndikanakumva kuti? Bwereza."

Ndabwereza katatu. Anthu atayamba kubalalika ndatulutsa chingwe m'chikwama, ndachikulunga bwino monga ankachitira mwini wake, ndachiika pa chiliza pansi pa maluwa. Ndanong'ona kuti ndabweza.

Lamulungu

Kompyuta yafa. Itadziyatsa m'mawa inafunsa ngati ndikufuna sisitimu yatsopano, ine ndi tulo tanga ndadina "inde". A pa intaneti aja analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti usayerekeze. Tsopano ikungoonetsa chizindikiro choletsa, ngati cha pamsewu. Che Saidi akuti ndibweretse mawa, bokosilo angaligule pa mtengo wa zitsulo. Atenge. Mawu ali pa foni ya amayi, ya amalume, ndi ya theka la kwaya.

Pochokera kutchalitchi, nkhungu ikadali pakhomo, ndaona kanthu pa sitepe. Chabuluu, chonyowa, chokulungidwa bwinobwino, tepi yofiira ili pamwamba.

Sindinakuwe. Ndaima pageti mpaka foni yalira m'chikwama. Uthenga wa amalume: "Mphwanga, unaiwala chingwe chako kumanda. Ndakusiyira pakhomo. Uzisamala zinthu."

Ndachipukuta ndi chitenje. Chili patebulo pano, pambali pa pulinta. Kuchilumikiza sindingathe, ndipo womubwezera ndilibe.